Kodi cholembera cha pa tabuleti n'chofunikadi kwa wojambula?

Funso: "Ndakhala ndikujambula nkhope za anthu ndi pensulo kuyambira ndili ku sekondale, ndipo masiku ano ndimapezako kangachepe anthu akandibweretsera chithunzi cha mayi awo kapena cha ukwati kuti ndiwajambulire pamanja. Achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira tabuleti. Ndayesa kujambulapo ndi chala koma mizere ikutuluka yonjenjemera ngati ya mwana wa sitandade 1. Ndinagula kacholembera ka labala kunsonga pa benchi ina yogulitsa za mafoni, koma palibe chasintha. Anzanga akuti ndigule stylus yeniyeni, cholembera chopangidwira tabuleti. Kodi ikandithandizadi, kapena ndingotaya ndalama?" Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, cholembera chenicheni chimathandiza kwambiri, ndipo kwa munthu amene dzanja lake linakhwima kale pa pensulo ngati inu, phindu lake limaposa la munthu wongoyamba kumene. Koma ndalamazo zisungeni kaye m'thumba. Simunandiuze dzina la tabuleti imene munalandirayo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Alipo matabuleti amene amamva cholembera chabwino, aliponso ena oti ngakhale mutawagulira cha mtengo wa mbuzi ziwiri, adzangochitenga ngati kamtengo kotola panjira.

Ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa: luso lanu silinathawe. Vuto lili pa mmene galasi la tabuleti limamvera chala. Pansi pa galasilo pali timizere tosaoneka ndi maso, toyalidwa mopingasana ngati ulusi wa nsalu, tokhala ndi mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi. Thupi la munthu limadutsitsa magetsi, choncho chala chikafika pagalasi chimasokoneza mphamvu ija pamalo amenewo. Tabuleti imayeza malo onse osokonezekawo, n'kupeza pakati pake, n'kunena kuti mwakhudza apa. Tsono chala cha mkombaphala chikagunda galasi chimaphimba malo okwana pafupifupi sentimita imodzi. Mukamachikoka chimagudubuzika pang'ono, mnofu wake umaphwatalala kenako n'kubwerera, ndipo pakati paja pamasuntha nthawi zonse. Kunjenjemera mukukuonako kumachokera apo. Kuwonjezera apo, chala chomwecho chimabisa malo amene mzere ukutulukira, ndiye mumajambula mongoganizira. Podina batani kapena potembenuza tsamba zimenezi zilibe kanthu. Pojambula chikope cha munthu, ndi vuto lalikulu.

Kacholembera ka labala munagula kaja ndi chala chopanga basi. Labalayo amadutsitsa magetsi a m'dzanja lanu kufika pagalasi, ndipo anamupanga wonenepa dala kuti tabuleti imuyese chala. N'chifukwa chake simunaone kusintha. Ubwino wake ndi woti mumagwira monga mugwirira pensulo ndiponso galasi silida ndi mafuta a m'manja, koma umathera pomwepo. Chenjeraninso ndi zina zonyezimira zokhala ndi nsonga yowonda ndi batire lotchaja, zimene pabokosi amalemba kuti zimagwira pa foni ndi tabuleti iliyonse. Nazonso zimangonamiza galasi kuti pafika chala. Zambiri mwa izo sizimva kudinikiza, ndipo mukakoka mzere wopendekera pang'onopang'ono umatuluka wokhotakhota ngati njira ya njoka pamchenga.

Cholembera chenicheni chimalankhulana ndi tabuleti m'njira yakeyake, yosiyana ndi ya chala. Tabuleti imadziwa kuti ichi ndi cholembera, icho ndi chikhatho, ndipo pa kusiyanitsa kumeneku ndi pamene pamachokera ubwino wonse.

Ubwino waukulu, umene ine ndimauika patsogolo pa zonse, ndi woti chimamva kulemera kwa dzanja. Taganizirani zimene mumachita ndi pensulo osazindikira n'komwe. Tinene kuti munthu wakupatsani chithunzi cha agogo ake aakazi atavala duku, akumwetulira pang'ono. Mwafika pa makwinya a m'mbali mwa diso. Khwinya lililonse limayamba lopyapyala pakona pa diso, limazama pakati, kenako limazimirira m'khungu la patsaya osaoneka pamene lathera. Pa pepala mumayamba mongokhudza, mumadinikiza pang'ono pakati, n'kutukula dzanja muli mkati mokoka. Zonsezo zimachitika m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira, ndipo palibe amene anakuphunzitsani ndi mawu. Zinalowa m'dzanja pa zaka zonse zija mwakhala mukutha mapensulo. Chimodzimodzi imvi ziwiri zitatu zosuzumira pansi pa duku, ndi mthunzi wa pansi pa mlomo umene umafuna kuupakapaka mopepuka kasanu m'malo moudinda kamodzi. Ndi chala, mzere uliwonse umatuluka wofanana kunenepa kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo makwinya a agogo aja amaoneka ngati mabala a lumo. Cholembera chomva kudinikiza chimakubwezerani zonse zimene dzanja lanu linaphunzira. Mukapepuza dzanja mzere umawonda ndi kuyezuka, mukalemeretsa umanenepa ndi kuda. Ophunzira anga amene anachokera ku pensulo ndi makala, tsiku loyamba kugwira cholembera chotere amangokhala chete kwa mphindi zingapo akukoka mizere, chifukwa amakhala azindikira dzanja lawo.

Opanga amakonda kulemba manambala pabokosi. Cholembera cha Samsung chotchedwa S Pen chimasiyanitsa milingo 4,096 ya kudinikiza, ndipo zolembera zambiri za makampani a Wacom, Huion ndi XP-Pen zimafika 8,192. Musavutike nawo manambalawa. Dzanja la munthu silingasiyanitse 4,096 ndi 8,192. Chimene muyenera kuyang'ana ndi ichi: kodi cholemberacho chimayamba kulemba mukangokhudza galasi mopepuka kwambiri, kapena chimadikira kuti mudinikize kaye? Wojambula nkhope amakhalira mizere yopepukayo, ndipo cholembera chouma poyambira chimamulanda theka la luso lake ngakhale pabokosi patalembedwa nambala yaikulu chotani.

Chachiwiri ndi chikhatho. Palibe amene amajambula zinthu zing'onozing'ono dzanja lili m'malere. Pa pepala mumatsamiritsa m'mphepete mwa chikhatho, zala n'kumagwira ntchito zitakhazikika. Pa tabuleti ndi chala kapena ndi kalabala kaja simungatero, chifukwa chikhatho chikangogunda galasi chimasiya madontho kapena kusuntha chithunzi. Ndiye mumaimika mkono m'mwamba, phewa limatopa, ndipo kunjenjemera kumawonjezeka. Tabuleti yodziwa cholembera chake imanyalanyaza chikhatho nsonga ikangoyandikira. Mapulogalamu ambiri ojambulira amakulolaninso kutchera kuti cholembera chokha ndiye chizilemba. Zikatero zala za dzanja linalo zimapeza ntchito yawo: ziwiri kukulitsa kapena kuchepetsa chithunzi, kuchitembenuza monga mutembenuzira pepala patebulo kuti mzere wokhota ubwere mbali yokomera dzanja, ndiponso kugogoda kuti mzere wolakwika ufufutike. Dzanja lina likulemba, lina likuyendetsa pepala, monga mwa masiku onse.

Nsonga nayo ndi nkhani. Ya S Pen ndi yosakwana milimita imodzi, ndipo mumaona pamene ikugwera. Zolembera zambiri zimamvanso kupendekeka, kotero mukachigoneka chammbali mzere umatambasuka ngati mukupaka mthunzi ndi m'mbali mwa pensulo. Zina tabuleti imaziona zisanakhudze n'komwe galasi, zili pafupifupi sentimita imodzi m'mwamba, ndipo kadontho kamaoneka kukusonyezani pamene mutere. Palinso liwiro limene mzere umatsatira nalo nsonga. Mu 2019 a Apple anachepetsa kuchedwa kumeneku pa iPad Pro kuchoka pa mamilisekondi 20 kufika pa 9. Pa matabuleti otsika mtengo mzere umatsalira m'mbuyo moonekeratu mukathamangitsa dzanja, koma munthu amazolowera, ndipo pa ntchito yodekha ngati ya nkhope si vuto lodetsa nkhawa.

Sindikunena kuti chala sichingatulutse chinthu chokongola. Mu June 2009 magazini ya The New Yorker inatuluka ndi chikuto chimene Jorge Colombo anajambula ndi chala pa iPhone, msewu wa mu New York usiku. David Hockney, wojambula wotchuka wa ku England wobadwa mu 1937, anayambanso ndi chala pa iPhone, n'kusamukira pa iPad itatuluka mu 2010, ndipo zina mwa zojambula zake za pa iPad zinapachikidwa ku Royal Academy mu London mu 2012. Koma mukaziyang'ana ntchito zoyambirira zoterezi mupeza kuti mphamvu yake ili pa mitundu ndi madontho akuluakulu. Ntchito yanu ndi ina. Kasitomala wanu akufuna aone diso la mayi ake n'kunena kuti ndi iwowa ndithu, ndipo kufananako kumabisala m'timizere tating'ono. Hockney yemweyo m'kupita kwa nthawi anatenga cholembera.

Ngakhale opanga makina anasinthapo maganizo pa nkhaniyi. Pamene Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple panthawiyo, ankaonetsa iPhone yoyamba mu January 2007, ananena poyera kuti palibe amene amafuna stylus, poti chala aliyense anabadwa nacho. Pa foni yoimbira ndi kutumizira mauthenga ankanena zoona. Koma mu 2011 a Samsung anatulutsa Galaxy Note yokhala ndi S Pen anthu n'kuikonda, ndipo mu 2015 a Apple eni ake anatulutsa Apple Pencil pamodzi ndi iPad Pro yoyamba. Ojambula iwo anali atazolowera kale zolembera za Wacom, kampani ya ku Japan imene inayamba mu 1983.

Tsopano tifike pa tabuleti yanu. Lowani mu Settings, tsikani mpaka pansi pamene palembedwa About tablet, kapena General kenako About ngati ndi iPad, ndipo lembani papepala dzina ndi nambala ya mtundu wake. Musadalire mawu a wogulitsa okha, kapena maonekedwe a tabuletiyo.

Ngati ndi Samsung Galaxy Tab S6 Lite imene inatuluka koyamba mu 2020, kapena S7, S8, S9 ndi S9 FE, muli ndi mwayi. Matabuleti amenewa amagulitsidwa ndi S Pen m'bokosi momwemo, choncho yambani mwafunsa achimwene anu ngati sinatsalire kwawo m'kabati. Imagwiritsa ntchito luso la Wacom: pansi pa sikirini pali nsanjika ina ya tiwaya imene imatumiza mphamvu ya maginito, kawaya kokulungidwa m'kati mwa cholembera kamailandira n'kuibweza, ndipo tabuleti imadziwa pamene nsonga ili ndi mmene mwadinikizira. Cholemberacho sichifuna kutchaja kuti chilembe. Kwa ife amene magetsi amatizimira ntchito ili pakati, chimenechi si chinthu chaching'ono, chifukwa batire loti muzilidera nkhawa limatsala limodzi lokha. Koma ngati ndi Galaxy Tab A7, A8 kapena A9, nsanjika ija mulibe, ndipo S Pen siigwirapo ngakhale pang'ono. Anthu ambiri agwa m'mbuna imeneyi poona kuti dzina la kampani ndi limodzi.

Ngati ndi iPad, nkhani yake imafuna kudekha. Ma iPad wamba anayamba kulandira Apple Pencil ndi mtundu wa mu 2018, ndipo akale kuposa pamenepo saimva, kupatula iPad Pro. Zolembera za Apple zilipo zinayi, ndipo chilichonse chili ndi ma iPad ake. Choyamba cha 2015 chimatchajidwa pochibaya pabowo lotchajira iPad lotchedwa Lightning, chinkagulidwa madola 99. Chachiwiri cha 2018 chimamatirira ndi maginito m'mbali mwa tabuleti n'kumatchajika pomwepo, pa madola 129. Pencil Pro ya 2024 ndi ya ma iPad atsopano okha. Chimene ndikufuna muchimvetsetse ndi cha 2023, chotchajira pa USB-C, cha madola 79. N'chotsika mtengo, chimalemba bwino, chimamva kupendekeka, koma sichimva kudinikiza. Kwa mwana wasukulu wolemba manotsi n'chokwanira. Kwa inu chikusowa chinthu chenicheni chimene mukuchifuna. Cholembera china cha iPad chotchedwa Logitech Crayon nacho chili chimodzimodzi, komanso zambiri zotsanzira Apple Pencil zimene zadzaza m'misika. Mukamagula Apple Pencil yogwiritsidwa kale ntchito, itchajeni pomwepo muone ngati ikusunga moto, chifukwa batire lake ndi laling'ono kwambiri, limafa likakhala miyezi yambiri lili lopanda kanthu, ndipo silisinthika.

Matabuleti ena a Lenovo, Huawei, Xiaomi ndi Microsoft Surface ali ndi zolembera zawozawo, ndipo cha kampani ina kawirikawiri sichigwira pa inzake. Lembani nambala ija pa intaneti pamodzi ndi mawu oti stylus muone chimene opanga eni ake akutchula.

Nanga ikapezeka kuti tabuleti yanu ndi ya gulu losamva cholembera? Musaigulitse mothamanga. Pali njira ina imene ambiri saidziwa, ndipo ndi imene ojambula ochuluka padziko lapansi anayambira. A Wacom, Huion ndi XP-Pen amapanga timatabwa tojambulira topanda sikirini, tina tating'ono ngati kope la sukulu. Mumalemba pa kathabwako ndi cholembera chake chosafuna batire, mzere n'kumatuluka pa sikirini ya kompyuta. Tambiri mwa timeneti timalumikizikanso ku foni kapena tabuleti ya Android ndi kachipangizo kotchedwa OTG, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi kugula tabuleti ina. Mumapeza kudinikiza kwenikweni, ndipo pamwamba pake pamakhala pokhakhala pang'ono ngati pepala. Chovuta chake n'chakuti dzanja limalemba pansi maso ali kwina. Masiku oyamba zimakwiyitsa, koma ndaona anthu akuzolowera pa sabata imodzi kapena ziwiri, monga momwe dzanja limazolowerera mbewa ya kompyuta. Musanagule, onetsetsani kuti mtundu umenewo walembedwa kuti umagwira pa Android ndiponso kuti tabuleti yanu imalola OTG.

Cholembera chilichonse chimene mwasankha, chiyeseni musanapereke ndalama. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani ndi tabuleti yanu muli mutaikamo kale pulogalamu yojambulira, ndipo tengani rula ya pulasitiki. Sankhani burashi yonga pensulo. Kokani mzere umodzi wautali, kuyamba mongokhudza, kulemeretsa dzanja pang'onopang'ono mpaka pakati, kenako kupepuzanso. Uyenera kutuluka ngati tsamba la udzu, wowonda kunsonga zonse ziwiri, wonenepa pakati, popanda podumpha. Ukatuluka wofanana ponseponse ndiye kuti sichimva kudinikiza, ngakhale wogulitsa atalumbira. Kenako gonekani rula mopendekera, kuchoka pakona kupita pakona ina, ndipo kokani mzere pang'onopang'ono kwambiri. Ukakhala ndi mafunde, chisiyeni. Tsamiritsani chikhatho chonse pagalasi n'kulemba dzina lanu, muone ngati patsala madontho. Pomaliza lembani timizere m'makona onse anayi a sikirini, poti kumeneko ndi kumene nsonga ndi mzere zimakonda kusemphana. Zonsezi sizitha mphindi zisanu. Ngati adzakugulireni ndi achimwene anu ku Joni, atumizireni nambala ya tabuleti ija pa WhatsApp ndipo asunge lisiti.

Pa mapulogalamu ndingodutsapo mwachidule. Procreate, yopangidwa ku Hobart m'dziko la Australia kuyambira 2011, ndi yabwino kwambiri ndipo mumalipira kamodzi kokha, koma ndi ya iPad yokha. Pa Android pali Krita imene ndi yaulere kotheratu, Sketchbook imene ndi yosavuta kuiphunzira, ndi ibisPaint imene imayenda ngakhale pa makina ofooka. Sankhani imodzi n'kukhala nayo. Mupezemo pamene amasinthira kamvedwe ka kudinikiza, kuti muigwirizanitse ndi dzanja lanu. Amene anazolowera pensulo yolimba amadinikiza kwambiri, a makala amapepuza, ndipo aliyense ayenera kutchera zake.

Ndikuuzeniso zimene mudzakumane nazo kuti zisadzakudzidzimutseni. Galasi ndi loterera. Pepala limagwira nsonga ya pensulo pang'ono, ndipo dzanja lanu limadalira kugwirako poimitsa mzere. Pagalasi mizere yanu yoyamba idzapitirira pamene mumafuna kuti ithere. Ena amamata kapulasitiki kokhakhala pasikirini kuti pamveke ngati pepala. Kamathandiza, koma kamachepetsa kuwala kwa mitundu ndipo kamadya nsonga msanga. Nsongazo zimasinthika, choncho gulanitu zapadera, ndipo ikayamba kuphwatalala kapena kukanda isintheni isanawononge galasi. Fumbi ndi mdani wamkulu, makamaka m'miyezi ya chilimwe. Kamchenga kamodzi kokodwa pansi pa nsonga kamasiya chipsera chosachoka, ndiye pukutani galasi ndi kansalu kofewa musanayambe. M'nyengo yotentha chikhatho cha thukuta chimamatirira pagalasi dzanja n'kumakana kutsetsereka. Ojambula amavala gulovu yophimba chala chaching'ono ndi chinzake chokha. Ngati simunaipeze, sokosi yakale yoyera bwino, yoboola malo a zala zitatu zogwirira cholembera, imagwira ntchito yomweyo. Musachigwetse cholembera chanu chansonga, poti kachipangizo komva kudinikiza kali kumeneko.

Thupi lanunso lisamaleni. Zolembera zambiri za matabuleti ndi zowonda ndi zosalala, ndipo munthu amazifinya mosadziwa mpaka zala kuchita dzanzi. Kulungani kalabala kapena kansalu pogwirira. Tabuleti musaigoneke pamiyendo khosi litawerama maola atatu. Itsamiritseni mopendekera patebulo, mizere italiitali muziikoka ndi chigongono ndi phewa, ndipo muzidzuka kukawongola msana.

Pa ntchito yanu yopezera ndalama, kusintha mudzakuona msanga. Mapulogalamuwa amalola kujambula m'nsanjika zotchedwa ma layer, ngati mapepala oonekera kuseri osanjikizana: mizere pa lina, khungu pa lina, chovala pa lina. Kasitomala akanena kuti diresi ya mkwatibwi inali yoyera kuposa apa, kapena kuti mumuwonjezeremo malemu bambo ake pambali, simuyambiranso pa pepala latsopano. Mumamutumizira pa foni aone musanasindikize, ndipo chithunzi chimodzi mungachisindikize kangapo kuti abale onse apeze chawo. Kumbukirani kuyamba ndi tsamba lalikulu mokwanira. Pa A4 ikani mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, amene ndi madontho 300 pa inchi, apo ayi chidzatuluka chosaoneka bwino kosindikiza. Dziwaninso kuti makasitomala ena amalipira chifukwa chofuna pepala lenileni limene dzanja lanu linakhudza. Auzeni poyera chimene mukuwapatsa, ndipo mitengo ikhale iwiri.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa ndi ophunzira anga akapeza cholembera chabwino. Kufufuta kumakhala kosavuta mopitirira. Munthu amakoka mzere, n'kuubweza, n'kuukokanso, kakhumi, kudikira kuti umodzi utuluke bwino mwangozi. Amakulitsanso chithunzi mpaka diso limodzi kudzaza sikirini yonse, n'kutha ola akusalaza nsidze, pobwerera n'kupeza kuti mphuno yapendekera ndipo nkhope si ya munthu uja. Pensulo inakuphunzitsani kuyang'ana kawiri musanalembe, chifukwa labala amawononga pepala. Khalidwe limenelo ndi chuma chanu, ndipo sindikufuna kuti galasi likulandeni. Pitirizani kuyenda ndi kope ndi pensulo, muzijambula anthu pa depoti ndi mumsika. Pa tabuleti muzipatula nthawi yojambula osabweza mzere ndi umodzi womwe.

Cholembera chikafika, sabata yoyamba musalandirepo ntchito ya kasitomala. Tengani chithunzi chimodzi chimene munachijambulapo kale pa pepala ndipo mumachidziwa bwino, sankhani burashi imodzi yokha yonga pensulo, mtundu wakuda pa tsamba loyera, layer imodzi. Chijambuleni tsiku lililonse, n'kumasunga zonse. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri ziikeni pamodzi ndi cha pa pepala chija, muone pamene dzanja likutererabe ndi pamene lakhazikika, kenako musinthe kamvedwe ka kudinikiza molingana ndi zimene mwaona. Pakali pano nditumizireni dzina ndi nambala ya tabuletiyo, ndipo ndikuuzani cholembera chimene chingagwirepo.